Funsani za galimoto: GTI yakale ingandisungire ndalama?

Funso

Akulu, ine ndi mnyamata wa zaka 29, kwathu ndi ku Mangochi koma kuno ku Joni ndatha zaka 6, ndimakhala ku Turffontein ndipo ntchito yanga ndi yoika mawindo ndi zitseko za aluminiyamu. Ndadzimana kwambiri mpaka ndasunga R180,000. Kuyambira ndili mwana ndimalakalaka galimoto yothamanga nde pa Facebook ndaona ziwiri, Volkswagen Golf 7 GTI ya 2015 yomwe yayenda makilomita 168,000 mwiniwake akufuna R230,000 akuti anaikweza mphamvu ili stage 2, ndi Toyota 86 ya 2014 ya giya yamanja pa R195,000. Anzanga akuti galimoto zothamanga sizigwa mtengo, akuti taona Gusheshe mmene yakwerera. Maganizo anga ndi oti ndiyende nayo zaka zitatu kenako ndigulitse konkuno kapena ndipite nayo kumudzi ndikagulitse ku Blantyre. Kodi ndalama yanga ibwerera?

J.M., Turffontein

Yankho

Achimwene, poyamba ndikuyamikireni, kusunga R180,000 muno mu Joni uku ukulipira lendi uku ukutumiza ya feteleza kumudzi si masewera ayi, nchifukwa chake ndikuyankhani mosabisa. Yonse siibwerera. Koma kuchuluka kwa imene mutaye kuli m'manja mwanu lero lino musanapereke kalikonse, ndipo musanaone penti kapena kumvera kulira kwa ekizozi dzifunseni kuti zaka zitatuzo zikadzatha, adzagule galimoto imeneyi kwa ine ndani, nanga adzafuna kuona chani?

Tiyambe ndi ya Gusheshe ija poti ndi imene ikusokoneza anyamata ambiri. Anzanuwo sakunama, inakweradi. Koma Gusheshe yeniyeni ndi BMW 325iS, anaipangira msika wa South Africa wokha ku fakitale ya ku Rosslyn cha m'ma 1990, ndipo anapanga mazana ochepa chabe kuti iloledwe pa mipikisano. Inzake 333i ya cha m'ma 1985 nde inali yochepa kuposa apo, zinangopitirira 200 pang'ono. Zambiri zinaphwanyika, zina zinatha ndi masewera ozunguza galimoto aja amakonda ku Soweto, nde lero anthu amene ankazisilira ali ana ali ndi ndalama ndipo akulimbirana zochepa zotsalazo. Mtengo wakwera chifukwa cha kusowa. GTI yanu ija siikusowa, tsegulani masamba a pa intaneti ogulitsirapo galimoto monga AutoTrader kapena Cars.co.za muone mmene zadzadzira, kapena ingoyendani mu Jules Street, msewu wa ogulitsa galimoto muno mu Joni, Loweruka m'mawa.

Sindikunyoza GTI ayi. Muno mu South Africa ili ndi anthu ake, mpaka anaipatsa dzina loti vrr-pha potengera mmene imalirira posintha giya, ndipo galimoto yokhala ndi oikonda ambiri chonchi imatsika pang'onopang'ono komanso siichedwa pamsika. Chinanso chokomera inu nchoti galimoto imagwa kwambiri zaka zoyambirira, amene anaigula yatsopano mu 2015 ndi amene anamva kuwawa kwenikweni, ikafika zaka 10 kutsika kwake kumakhala kwa pang'ono ndipo chimene chimalamula mtengo si chaka chakenso koma mmene yasamalidwira.

Apa mpamene GTI mwaionayo ikundidetsa nkhawa. Mawu oti stage 2 aja mwiniwake akuwanena monyadira koma kwa wogula wanzeru ndi chenjezo. Zikutanthauza kuti analowa mu kompyuta ya injini nkuwonjezera mphamvu ya turbo, kawirikawiri amasinthanso paipi ya ekizozi, nde injini ndi giya zakhala zikunyamula katundu woposa amene anazipangira, ndipo munthu sachita zimenezi kuti aziyenda 60 popita ku tchalitchi. Ndalama zimene anaononga pokweza mphamvuzo sizibwerera pogulitsa, ogulitsa galimoto ambiri akaona yosinthidwa amatsitsa mtengo kapena kuikana kumene, a inshuwalansi nawo mukapanda kuwauza akhoza kukana kulipira tsiku la ngozi. Ine yoteroyo pa makilomita 168,000 sindingayandikire ngakhale atachotsa R30,000. Ngati mtima uli pa GTI sakani imene sanaigwire, yokhala ndi buku la sevisi lodindidwa kuyambira pachiyambi, muone ngati oyilo wa giya yosintha yokha ya DSG ankasinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse, muonenso ngati sikudontha madzi cha pa pampu poti ma Golf 7 amadziwika ndi vuto limenelo. Buku limenelo ndi malisiti ake ndi zomwe mudzagulitse zaka zitatu zikubwerazo, galimoto ziwiri zofanana chaka ndi mtundu zimasiyana mtengo kwambiri chifukwa cha kabuku kameneka basi.

Toyota 86 nde ina. Inatuluka mu 2012, anapanga mogwirizana ndi Subaru, injini yake ndi 2.0 yopanda turbo ya mphamvu ya 147 kW pamene GTI ili ndi 162 kW. Kuno tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka nde injini yopanda turbo imafooka ndithu, pa maloboti GTI ikusiyani. Koma kukoma kwake kuli pamakona, imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo ya giya yamanja ngati imeneyi ndi imene okonda 86 amaisaka. Vuto lake ogula ndi ochepa, zitseko ziwiri, kumbuyo munthu wamkulu sakwana, nde tsiku lomwe mudzafune ndalama mwachangu, tinene kwagwa maliro kumudzi, mukhoza kukhala nayo miyezi iwiri osapeza munthu mpaka mudzaipereke motchipa. Ambirinso amaigula kuti aziiseweretsa cham'mbali, onani matayala akumbuyo ndi kilachi. Pa ziwirizi ngati 86 ili yosasinthidwa ndipo buku lilipo, ine ndingatenge imeneyo, koma osati pa R195,000 pamene muli ndi R180,000.

Chifukwa chake ndi ichi. Galimoto yothamanga imadya ngakhale itaima. Musanalipire imbirani a inshuwalansi awiri kapena atatu, apatseni mtengo wa pamwezi pa galimoto yeniyeniyo, muwauze zoona za laisensi yanu, zaka zanu ndi pamene izigona usiku, pa GTI ambiri adzafunanso tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, poti akuba amaikonda ngati mmene mukuikondera inu. Ndalama imeneyo muchulukitse ka 36. Muonjezere petulo wa 95, matayala opyapyala aja amene dzenje limodzi lokha limatha kung'amba nkupinda limu, mabuleki, sevisi, ndi matalala a muno mu Gauteng nthawi ya mvula ngati mulibe pobisa galimoto. Tiyerekeze mwagula pa R170,000 nkudzagulitsa pa R140,000, mudzati ndataya R30,000 yokha, koma ngati inshuwalansi inali R1,800 pamwezi ndiye kuti R64,800 inanso yapita osawerengera mafuta. Dziwaninso kuti mitengo ilipo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, wa bizinesi ya galimoto amakugulitsani pa mtengo wapamwamba koma mukabwerera nayo mawa lake akupatsani wapansi, nde kusiyana kumeneko mumataya tsiku lomwelo mwatenga makiyi. Siyani R25,000 kapena R30,000 pambali ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo yoperewerayo musakatenge ya katapila chonde.

Za mapepala ndiye ndikupemphani mumve bwino, apa mpomwe abale athu ambiri alira. Pa chikalata cha NaTIS, cha kaundula wa galimoto wa boma, onani code, 2 ndi galimoto yogwiritsidwapo ntchito bwinobwino, 3 ndi imene inaphwanyikiratu nkumangidwanso, ndipo ya code 3 mabanki safuna kuikongozera, a inshuwalansi ambiri amaikana, pogulitsa mtengo umakhala pansi zedi. Chaka china ndinaperekeza msuweni wanga pa yadi ina, galimoto yowala bwino mtengo wokoma, titafunsa chikalata anayamba kuzungulira akuti chili ku ofesi ina, tsiku lachitatu chitabwera tinapeza code 3, dipoziti yake anavutika nayo miyezi kuti ibwerere ndipo siinabwere yonse. Onaninso pamene alemba title holder, kutanthauza mwini weniweni wa galimoto, ngati pali dzina la banki nthawi zambiri ndiye kuti ngongole siinathe. Nambala ya VIN, imene galimoto iliyonse imapatsidwa ku fakitale, ifanane pa chikalata, pa disiki ndi pa galimoto penipenipo. Pepala la roadworthy lisakupusitseni, limangonena kuti mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zotere zili bwino, silinena za moyo wa injini, nde lipirani a DEKRA, kampani younika galimoto, kapena makaniko amene mumamudalira aiunike yonse ndi kompyuta. Mukagula kwa munthu wamba nthawi zambiri zimakhala voetstoots, kutanthauza mwaitenga mmene ilili, pamene kwa wa bizinesi lamulo la Consumer Protection Act limakutetezani miyezi 6. Pa Facebook musatumize dipoziti musanaione ndi maso, mukakumane masana pamalo a anthu, pafupi ndi polisi nkwabwino.

Ndipo ilembedwe m'dzina lanu pasanathe masiku 21. Ife obwera timafunika Traffic Register Number, nambala ya ku ofesi ya zamagalimoto yolembetsera galimoto, ngati tilibe chiphaso cha kuno, ndikudziwa kuti kuipeza kumatopetsa nde ambiri amangolembetsa m'dzina la mnzawo kapena chibwenzi cha konkuno. Musatero. Pa malamulo galimotoyo ndi ya amene dzina lake lili pa pepala, tsiku logulitsa mudzachita kumupempha asaine, akakana kapena akasowa R180,000 yanu yathera pomwepo.

Zopita nayo ku Blantyre zija ndikuti iwalani. Muyenera kupeza kaye chilolezo cha apolisi cha SARPCCO chotsimikizira kuti galimoto si yakuba, kuichotsa m'kaundula wa kuno, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, kenako a MRA akuwerengereni msonkho potengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo 2.0 ya zaka zoposa 10 siikhala yotchipa. Mukamaliza zonsezo mukapeza kuti kumudzi anthu akufuna Sienta, Axio, Vitz, Hilux, galimoto zomwa mafuta pang'ono zimene masipeya ake ali mbwee ku Limbe ndi ku Ndirande. Galimoto yotsika pansi ngati 86 pa mahampu ndi maenje a misewu yathu ndi chisoni, ogula mungawawerenge ndi zala, ndipo adzakulipirani ma kwacha, mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mukafuna kukaonetsa abale pa Khirisimasi pitani nayo ndi chilolezo chongolowa kwa kanthawi mubwerere nayo, msika wake uli konkuno.

Funso

Bambo a kunyumba akufuna Ford Mustang yogwiritsidwapo kale ntchito, pa ngongole ya zaka 6 yokhala ndi balloon, akuti pamwezi izikhala yochepa ndipo ikadzakwana nthawi tidzangogulitsa nkubweza. Ine mtima sukundikhazikika, tili ndi ana awiri pa sukulu. Ndithandizeni.

Mayi a ku Cosmo City

Yankho

Mayi, mtima wanu ukunena zoona. Balloon si kuchotsera mtengo, ndi gawo la ngongole limene alikankhira kumapeto, ndipo miyezi 72 yonseyo mukulipira chiwongola dzanja pa gawo limenelinso. Zodzagulitsa nkubweza zimatheka pokhapokha galimoto ikadzakhala ndi mtengo woposa ngongole yotsala, koma zaka zoyambirira nthawi zambiri ngongole ndi imene imakhala pamwamba, nde ntchito ikatha kapena galimoto ikabedwa mumatsala mukulipira chinthu chimene kulibe, pokhapokha mutakhala ndi inshuwalansi yapadera yotseka mpata umenewo. Mustang ya chiwongolero cha kumanja inayamba kupezeka kuno cha m'ma 2016, ilipo ya 5.0 V8 ndi ya 2.3, okonda Mustang amafuna V8 nde ndi imene imagwira mtengo, komanso ndi imene imamwa petulo ndi kudula inshuwalansi. Khalani nawo pansi bambowo mwaulemu, apemphe a banki awerengere ngongole yomweyo popanda balloon, muonjezere inshuwalansi ndi mafuta, muike pambali pa fizi ya ana. Ngati popanda balloon siikukwanika ndiye kuti galimotoyo nthawi yake siinakwane, ndipo inu musasaine ngati mboni kapena wothandizira kubweza musanaone masamu amenewa ndi maso anu.

Funso

Aise, mnzanga akuti ku Durban kuli ma Nissan 350Z ochokera ku Japan otchipa kwambiri kuposa a muno. Ndingagule nkumayendera mu Randburg?

Wowerenga wa ku Randburg

Yankho

Ayi aise. South Africa siilola galimoto zakale zochokera kunja kuti zigulitsidwe ndi kulembetsedwa muno kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, za ku Durban zija zimangodutsa, zimapita ku maiko ngati kwathu, Zambia, Zimbabwe ndi Lesotho. Wina akakuuzani kuti akupezerani nambala ya GP, ya muno mu Gauteng, pa galimoto yoteroyo dziwani kuti mapepalawo ndi achinyengo, apolisi akaigwira amailanda ndipo simungaigulitse kwa aliyense mwalamulo. Ngati mukufunadi 350Z sakani imene inagulitsidwa yatsopano konkuno, ilipo, muone kamwedwe kake ka oyilo poti tsopano ndi zakale ndithu, ndipo chikalata cha NaTIS muchigwire m'manja musanatulutse ndalama.