Yankho langa kwa azakhali pa za ana onenepa aja

Zakhali mwaswera bwanji kumeneko, ndaona funso lanu pa gulupu, lija mwafunsa mutaona chithunzi cha ana a kusukulu yamkaka komwe ndimagwira ntchito, kuti ana amenewa amadya chani kuti azinenepa chonchi mumugulireko mdzukulu wanu. Ndati ndingojambula mawu, kulemba sindingamalize.

Musasilire ayi zakhali, chonde. Ambiri mwa ana aja makolo awo anachokera ku Mexico, Guatemala, ena Honduras, kuno ku America amawatchula ma Hispanic, ndipo nkhani ya kunenepayi ndi vuto lenileni pakati pawo. A CDC, omwe amaona zaumoyo kunoko, anapeza kuti pakati pa 2017 ndi 2020 ana 26 pa 100 aliwonse a ma Hispanic, a zaka 2 mpaka 19, anali onenepa mopitirira muyeso, pomwe ana a azungu anali pafupifupi 17. Ndiye zimayamba ali ang'ono chonchi, zaka zitatu zinayi, mwana akathamanga pang'ono wayamba befu, ine zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Chimene ndimaona ine ndi maso anga ndi ichi, makolowa ndi olimbikira koopsa, mayi akukolopa m'mahotela bambo ali ku fakitale kapena kumanga nyumba, ena ntchito ziwiri, akafika kunyumba atopa ndiye chophweka ndi chani, ma chips, mabisiketi, juwisi, soda, zimenezo ndizo zotchipa kuposa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Kachitini kamodzi ka Coca-Cola kali ndi shuga magalamu 39, tinene masupuni a tiyi pafupifupi 10, ndiye taganizani mwana wa zaka zinayi akumwa tsiku ndi tsiku, wina mpaka juwisi m'botolo la mkaka pogona. Chakudya chawo chenicheni n'chabwinobwino, nyemba ndi ma tortilla a chimanga, ngati ife tomwe, koma zam'mapaketizi ndiye zalowa pakati.

Kwinaku kusewera kulibe. Amakhala m'mafulati opanda bwalo, kutsogolo ndi msewu wa magalimoto, paki ili kutali ndipo ena amaopa, kukazizira ndiye miyezi ingapo mwana ali m'nyumba ndi foni kapena TV. Pomwe a WHO, omwe amaona zaumoyo padziko lonse, amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azitakataka mphindi 180 pa tsiku, foni ndi TV zisapitirire ola limodzi. Ena kusewera konse amasewerera kwa ife kusukulu basi.

Komanso agogo awo zakhali, eeh, amaganiza ngati ife ndendende, mwana wa masaya ndiye wathanzi, amamutcha gordito mwachikondi, akakana chakudya amamukakamiza amalize mbale. Sindiwaweruza ayi, ambiri anakulira mu njala, koma matenda a shuga ndi ochuluka pakati pawo ndipo mwana wonenepa chonchi nthawi zambiri amakula nako kunenepako.

Ndiye mdzukulu wanuyo musiyeni ndi phala lake la mgaiwa lothira nsinjiro, nthochi, mbatata, dzira likapezeka, azimwa madzi, Sobo akhale wa apo ndi apo, ndipo azithamanga panja ndi anzake mpaka ade ndi fumbi. Ngati mukuona kuti waonda, mundijambulire khadi lake la kusikelo mutumize pa gulupu pompano ndione mzere uja ukuyenda bwanji.