Alamu, penti idikire kaye, tiyambe ndi madzi

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, foni inathima moto ndili kumsika. Ndaona kuti ndingolankhula, chifukwa ndikati ndilembe zala zitopa nkhani isanafike pakati. Chithunzi cha pulani ya nyumba chija ndachiona, ndachikulitsa mpaka ndawerenga timanambala tonse. Mwafunsa ngati zipinda zakhala bwino mmene azijambuliramo, ngati muike bafa logonamo lija kapena shawa, ndiponso ngati kunja kungakhale penti yoyera ndi malata abuluu. Achimwene ndikukuonani muli pagulu pompano, mverani limodzi, musadzati sindinanene.

Ine ndiyambira pamene simunafunse, pa madzi. Puloti yanu ya ku Matawale ija ndinaiyenda ndi achimwene, ili pa kamtsetse. Zomba mukumudziwa, mvula ikagwa kuphiri madzi ake amatipeza kunsi kuno akuthamanga. Nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, nyumba zimene ndinaziona ine zitagwa, zambiri denga linali lilipo bwinobwino. Zinamwa madzi kuchokera pansi, khoma n'kufewa, basi n'kukhala pansi. Ndiye mmisiri wanu mumuuze kuti simenti yapansi ikwere masentimita 45 kuchoka padothi, pamwamba pa fondeshoni ayale pulasitiki yakuda ija yotchinga chinyontho, athirenso mankhwala a chiswe asanatseke. Kumtunda kwa puloti kukumbidwe ngalande yoti madzi azilambalala nyumba. Zimenezi sizioneka pachithunzi, n'chifukwa chake anthu amazisiya.

Tsopano tayang'anani pulani yanuyo. Khitchini ili ngodya iyi, bafa la ana lili uko, bafa la kuchipinda kwanu lili kwina, kumtunda ndithu. Ndiye kuti mapaipi atuluka mbali zitatu, ndipo ina idutsa pansi pa balaza kuti ikafike ku septic tank, thanki yapansi yolandira zonyansa ija. Iii, alamu, tsiku limene paipi imeneyo idzatseke mudzaswa matailosi a pabalaza alendo akuona. Muuzeni wojambulayo asonkhanitse zonse za madzi mbali imodzi, ya kumunsi: khitchini, bafa, chimbudzi, zitsamire khoma limodzi kapena ziyandikane. Mapaipi achepa, ndalama ya pulambala ichepa, ndipo zonyansa zizitsetsereka zokha. Thankilo likhale poti galimoto yopopa ingafike osagwetsa mpanda, komanso litalikirane ndi chitsime chilichonse, chanu kapena cha aneba, mamita 30.

Chachiwiri ndi dzuwa. Chipinda chanu ndi achimwene achiika kumadzulo, ndi windo lalikulu lomwe. Mu Okutobala khoma limenelo limapsa kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, usiku limakubwezerani kutentha konse, mudzagona pamphasa pakhonde nyumba muli nayo. Zipinda zogona zipite kum'mawa. Kumadzulo kukhale sitolo kapena galaja, zinthu zosadandaula. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limayenda chakumpoto, ndiye balaza likakhala ndi mawindo mbali imeneyo mumaothera muli m'nyumba.

Chipinda cha amayi mwachiika kumapeto kwenikweni kwa kolido. Ayi, chimenecho ndakana. Amayi amadzuka usiku, ndipo bondo lija mukulidziwa. Chikhale choyandikana ndi chimbudzi, chitseko chake chikhale chachikulu, masentimita 90, pasakhale sitepe pakati. Amayi, ngati akukumvetserani uthengawu, ndakulankhulirani, mudzandisungire mbatata.

China chimene chandiseketsa pang'ono, munthu akangotsegula chitseko cha kumaso, maso ake akugwera pa chitseko cha chimbudzi. Taganizani apongozi akhala pampando, inu mukutuluka mmenemo. Pakhale kakhoma, kapena chitseko chitembenukire kukolido. Khitchini yopanda khoma yolumikizana ndi balaza ija imakongola pa Facebook, koma ife timakazinga usipa ndi utaka, makatani onse adzanunkha ngati doko la nsomba la Kachulu. Ikani chitseko. Kuseri kukhale kakhonde ka denga koyatsira mbaula, pophikira nyemba ndi nsima ya anthu ambiri, ndi sitolo yoti mulowe matumba a chimanga osachepera khumi, yokhala ndi kawindo ka mpweya. Pa pulani panu sitolo mulibe. Chimanga cha kumudzi chikabwera mudzachiika kuchipinda kwa ana, anankafumbwe n'kumagona nawo.

Tibwere kubafa, pamene pali mtima wanu. Choyamba, chimbudzi ndi bafa la ana zilekane, chilichonse chitseko chake. M'mawa ana atatu akukonzekera kusukulu, wina akusamba, wina m'mimba mwamuvuta, mudzamva kugogoda tsiku ndi tsiku. Kakhoma kamodzi ndi chitseko chimodzi n'zotchipa kuposa phokoso limenelo. Kasinki kosamba m'manja kakhale panja pa zitseko ziwirizo.

Bafa logonamo lija, kunena zoona, ine sindikuliona. Kuti mudzaze pamafunika malita opitirira 100, pamene ndowa ya malita 20 munthu amasamba n'kutsalako ochapira zovala zamkati. Kumene ndinaliona kwa anzanga, linasanduka mosungira madzi ndi monyika mabulangete. Amayinso sangakweze mwendo kulowamo. Ikani shawa, ndipo m'munsi mwake muike mpope wina wotsika, wofika m'mawondo, woti ndowa izikwana pansi pake, chifukwa masiku ena madzi amabwera ofooka osatha kukwera kumwamba. Ngati mtima wakana ndithu, liikeni kuchipinda kwanu, ndi nyumba yanu, koma la ana ndi alendo likhale shawa.

Apa mumve zimene zinandigwera ine. Amene anandiikira matailosi m'bafa anayala bwino, mizere yowongoka, ndinamulipira ndikumwetulira. Tsiku loyamba kusamba, madzi m'malo mopita pa kabowo kotulukira analunjika kuchitseko, n'kutuluka mpaka mukolido. Mlamu wanu mpaka lero amasunga chikolopa kuseri kwa chitseko, ndipo akamakolopa amandiyang'ana ine. Ndiye inu musanapereke ndalama yomaliza, tengani ndowa yodzaza, khuthulani pakati pa bafa mwini wake ali pomwepo, muone kumene madzi akupita. Pansi pa shawa patsikeko pang'ono poyerekeza ndi kwina konse. Matailosi apansi akhale okhakhala. Onyezimira aja ndi apakhoma, akakumana ndi sopo amagwetsa munthu chagada. Kusitolo kuja nyowetsani chala, mupake pa tailosiyo, mumva nokha.

Paipi ya chimbudzi ndi ija ya mamilimita 110, amisiri amati folo inchi, ndipo izitsika pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikagona chathyathyathya imatseka. Pokhota paliponse panja pakhale manhole, kadzenje kovundikira kotsegula paipi ikatseka, ndipo paipi yotulutsa mpweya ikwere kupitirira denga, apo ayi fungo lizibwerera m'nyumba. Windo la bafa likhale lokwera koma lotseguka ndithu, chifukwa nthawi ya chiperoni thaulo limatha masiku awiri osauma, siling'i n'kuchita nkhungu. Madzi a kudamu la Mulunguzi mu Juni mukuwadziwa mmene amalumira. Giza ya sola ndi yabwino, koma mugule yokhala ndi polumikiza magetsi, chifukwa chiperoni chikakhazikika masiku atatu dzuwa silioneka. Ngati ndalama yake palibe pano, angoikiratu mapaipi a madzi otentha m'khoma asanapake pulasitala. Ndipo kuseri kwa puloti musaiwale kachimbudzi ka panja. Tsiku la chinkhoswe kapena zovuta, anthu makumi asanu sangapange mzere mukolido mwanu.

Eya, penti tsopano. Alamu, yoyera ndi yokongola mwezi woyamba. Ine ndinapaka yoyera, mbee, anthu odutsa ankaima. Mvula yoyamba ya Novembala inadontha kuchoka pamalata, n'kumenya katondo pansi, matope n'kuthovukira pakhoma mpaka m'chiuno. Pofika Febuluwale nyumba inali itavala siketi yofiira, ndipo khoma la kummwera, limene siliona dzuwa nyengo yozizira, linayamba ndere. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha kirimu kapena mtundu wa mchenga wa kumtsinje, kenako m'munsi kuzungulira nyumba yonse, kuchoka pansi mpaka masentimita 60 kapena kuposerapo, mtundu wa khofi woderako, woti matope akagwapo asamaoneke, wotsukika ndi madzi. Yoyerayo muisunge ya m'mphepete mwa mawindo ndi fesha bodi, thabwa la m'mphepete mwa denga lija, mtima wanu ukhale pansi. Nyumba yonse yakuda bii kapena yotuwa kwambiri imene yatchuka masiku anoyi imakoka kutentha, ndipo mitundu yowala kwambiri imasuluka msanga padzuwa.

Koma chimene chimateteza penti kwenikweni ndi denga. Mukadzapita kutauni tayang'anani nyumba zakale za boma kumtunda kuja, za nthawi imene Zomba anali likulu, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Zambiri ndi zokwera pansi, makonde otakata, denga lotulukira kunja kwambiri. Ankadziwa mvula ya pano. Malata anu atuluke masentimita 60 kuchoka pakhoma, muike magata otsogolera madzi kuthanki kapena kungalande, ndipo pansi kuzungulira nyumba muthire kasimenti kopendekera kunja. Malata abuluu ndilibe nawo mlandu, ndi kirimu amagwirizana, bola akhale abuluu wosada kwambiri. Pogula muyang'ane geji: 28 ndi yokhuthala kuposa 30 kapena 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala. Ena amasokoneza pamenepa n'kumaganiza kuti 32 ndiye yamphamvu.

Musathamangire kupaka. Pulasitala aume masiku osachepera 28, kenako ayambe ndi penti yoyamba ija yogwira simenti, asakunamizeni kuti ingosungunulani yomweyo ndi madzi ambiri. Ine ndinathamangira Khirisimasi, penti inatupa matuza n'kumasupuka ngati khungu la njoka. Nthawi yabwino ndi Ogasiti kapena Seputembala, kukauma. Ndipo musagule mabigiri a malita 20 chifukwa cha kapepala ka mitundu ka m'sitolo. Gulani kachitini ka lita imodzi, pakani kachigawo pakhoma, mukaone m'mawa, mukaonenso madzulo. Mtundu umasintha ukafika padzuwa.

Zosintha zonsezi zichitike papepala pulani isanapite kukhonsolo ya mzinda kuti akaivomereze. Papepala kusuntha bafa ndi labala chabe, pakhoma ndi matumba a simenti.

Ndalankhula kwambiri, bandulo yanu indikhululukire. Loweruka likubwerali ndili ndi mpata. Achimwene bweretsani chingwe ndi zikhomo, ine ndibwera ndi tepi, tikakumane papuloti cha m'ma 3 koloko masana dzuwa litapendeka, tikakhome zipinda pansi kuti alamu akaime m'chipinda chawo chakumadzulocho amve okha. Wojambula pulaniyo mumuitanenso, ndipo amayi muwatenge pagalimoto akasankhe okha mbali ya windo lawo.