Kulemba kuti "mphatso" sikudutsitsa botolo pamalire

Achimwene, mwafunsa kuti mungatumize bwanji botolo la wisiki kapena vinyo kwa m'bale wanu ali kunja, ngati mphatso chabe. Mawu akuti "chabe" amenewo asiyeni kunyumba. Wa kasitomu sayang'ana chikondi, amayang'ana mowa, ndipo mowa uli ndi msonkho wakewake womwe malaya kapena nsapato zilibe.

Lamulo lomwe limaluma ndi la dziko lolandira, osati la kumene katunduyo akuchokera. Ku Saudi Arabia, Kuwait ndi Iran musayerekeze n'komwe, mukam'mangitsa munthu wosalakwa. Ku America positi ya boma, USPS, sinyamula mowa, ndipo makampani onyamula katundu a FedEx ndi UPS amalandira kuchokera kwa wamalonda yekha wokhala ndi laisensi amenenso anasaina nawo pangano. Komweko mphatso zosapitirira madola 100 zimakhululukidwa msonkho, koma mowa mulibe m'chikhululukirocho, ndipo wosainira phukusi akhale wa zaka 21. Mayiko a European Union amamasulako pang'ono: mphatso ya munthu kwa munthu yosaposa mayuro 45, botolo limodzi la lita imodzi ya mowa waukali kapena malita 2 a vinyo wopanda thovu. Ngakhale apo, funsani kaye za dziko lenilenilo, sikuti onse amavina ng'oma imodzi.

Kenako werengani peresenti pa botolo, yosonyeza ukali wa mowawo. Mowa wa 24 peresenti kutsika pansi, monga vinyo, andege sauyesa katundu woopsa. Kuyambira pamenepo kufika 70 ndi madzi oyaka moto, ulowe m'mabotolo osaposa malita 5. Wopitirira 70 iwalani. Wisiki nthawi zambiri amakhala pa 40, n'chifukwa chake Royal Mail, positi ya ku Britain, imatumiza vinyo kunja koma wisiki ayi.

Tsopano apa ndi pomwe anthu amadyera chuma chawo. Munthu wakanizidwa pa kauntala, wina wa nzeru zam'khwalala n'kumunong'oneza kuti, lembani kuti ndi mafuta ophikira, sayang'ana. Amayang'ana! Katoni imadutsa m'makina oona m'kati, ndipo botolo la mowa silisowa. Ikangogwidwa saitsegula tsiku lomwelo, ayi. Imakhala m'nyumba yosungiramo katundu, tsiku lililonse likuwerengedwa ndalama, inu mukuimba foni, woyankha akuti amene akugwira nkhaniyo wachokapo pang'ono. Sabata yatha. Kalata ikabwera, ipita kwa wolandira uja, amene sankadziwa n'komwe kuti kukubwera kanthu: msonkho, chindapusa cha kunama pa fomu, ndalama ya posungira, ndiye mowawo alande ndithu. Zina zonse zomwe munali m'katonimo zagwera limodzi m'dzenje. Inshulansi siilipira katundu wolembedwa zabodza. Ngati ndinu wa geni, choopsa si botolo lotayikalo, koma dzina lanu, poti kuyambira pamenepo katoni iliyonse yanu imang'ambidwa, ngakhale ya masokosi. Ife akale pa ntchito ya katundu wodutsa malire timaseka tikaona mwana wamakono akuchenjerera makina.

Lembani zoona, basi. Ku positi ndi fomu ya CN22 kapena CN23, ku makampani onyamula katundu ndi invoisi. Muike mtundu wa mowa, dzina lake, mamililita, peresenti, chiwerengero cha mabotolo, dziko lomwe unapangidwa, ndi mtengo weniweni. Musalembe ziro ati poti ndi mphatso, akaikapo mtengo wawo, ndipo sakuchepetserani. Nambala za HS, zomwe a kasitomu amadziwira mtundu wa katundu, ndi 2203 ya mowa wa chimera, 2204 ya vinyo, 2208 ya waukali. Sankhani kulipiriratu msonkho kuno kotumizira, amati DDP, apo ayi m'bale wanu akagula yekha mphatso yake. Mowa wofulula pakhomo, wopanda pepala la fakitale, palibe angaulandire.

Kulongedza nakonso anthu amakuderera. Chitsekerero chimateni ndi tepi, botolo lilowe m'pulasitiki yotseka bwino, mulikulunge ndi nsalu yomwa madzi, kenako pulasitiki ya timatuza ija kawiri kapena katatu, makamaka pakhosi pomwe limathyokera. Katoni ikhale ya zikhungwa ziwiri, mpata wa masentimita 5 mbali zonse wodzazidwa, mabotolo asakhudzane. Igwedezeni, mukamva gobedegobede yambiraninso. Botolo limodzi likasweka limanyowetsa katundu wa ena, ndipo mlandu ndi wanu.

Mukandifunsa ine, botolo limodzi siloyenera mavuto onsewa. Pezani sitolo ya laisensi m'dziko lomwe m'bale wanuyo ali, gulani pa intaneti, akamupatse pakhomo ataona chiphaso cha zaka zake. Ngati botololo ndi lapadera, dikirani wa pa ulendo alinyamule m'chikwama cholowa pansi pa ndege, losatsegula, ndipo akafika akalionetse ngati wadutsa mulingo wa dzikolo.