Thanki yanu ya biogas sinafe, yangosasa

Mayi wina wa ku Chinamwali, amene amaphikira ana asukulu ogonera pakhomo pake, watilembera pa imelo. Akuti anaika ndowe za ng'ombe m'thanki ya pulasitiki ya malita 1,000 ndipo biogas, gasi wophikira wochokera ku zinthu zowola, anayamba kutuluka bwino. Kenaka anayamba kuthiramo chidebe chodzaza mkute ndi ndiwo zotsala tsiku lililonse. Patatha masabata atatu moto unayamba kuzima, ndipo madzi otuluka m'thankimo akununkha ngati thobwa losasa. Akufunsanso ngati angathiremo matope a mu septic tank, dzenje losungira zonyansa za m'chimbudzi cha madzi.

Mayi, zikomo polemba. Thanki yanuyo mwaidyetsa mopitirira muyeso, koma ichira.

M'katimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagwira ntchito molandizana, popanda mpweya wa oxygen. Tina timaphwanya chakudya n'kuchisandutsa asidi, ndipo timeneti timaswana msanga. Tina timadya asidiyo n'kutulutsa methane, gasi amene amayaka, koma timeneti timaswana pang'onopang'ono ndipo sitipirira m'madzi owawasa. Nsima imaphwanyika mofulumira kwambiri, choncho asidi amachuluka kuposa amene gulu lachiwirilo lingathe kudya. pH ndi muyeso wa kuwawasa kwa madzi, ndipo imatsika madzi akamawawasa; yoyenera ndi pakati pa 6.8 ndi 7.5. Ikatsika kufika pa 6, opanga methane amagwa ulesi, ndipo chimene chimatuluka m'paipi ndi carbon dioxide wambiri, amene sayaka. Gasi wabwino amakhala ndi methane woposa theka.

Lero lomwe siyani kuthiramo chakudya. Tulutsani madzi pafupifupi malita 250, m'malo mwake muikemo ndowe zaziwisi za ng'ombe zosungunula, muyeso umodzi wa ndowe ku muyeso umodzi wa madzi. Mukapeza madzi ochokera m'thanki ina imene ikuyaka bwino, amenewo ndi abwino koposa. Soda wophikira therere amathandizanso kuchepetsa kuwawasa: sungunulani pang'ono m'madzi, thirani, yezani mawa lake ndi timapepala toyezera pH. Laimu, ufa woyera wopaka nyumba uja, musamale naye, akachuluka amapha tizilombo tomwe mukufuna kupulumutsato. Dikirani sabata kapena awiri mpaka moto ubwerere wobiriwira ngati thambo.

Mukayambanso kudyetsa, yambani ndi theka la kilogalamu patsiku, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Thanki yotere muziidzaza kulekeza malita 800 kuti pamwamba patsale malo a gasi, ndipo chakudya chizikhalamo masiku pafupifupi 40. Ndiye kuti patsiku mukulowa malita 20 okha: zotsala makilogalamu 3 kapena 4, zosinja mumtondo kapena zofinya ndi manja mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi, kwinako madzi. Pamenepo mungapeze malita 300 mpaka 400 a gasi, okwana kuyatsa mbaula imodzi kwa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Tiyi wa ana apsa, koma nyemba ayi. Ndikunena izi poyera chifukwa ambiri amagwa mphwayi poyembekezera kuti thanki imodzi ithetsa makala onse pakhomo.

Kuno ku Zomba kumbukiraninso chiperoni. Tizilomboti timakonda kutentha kwa madigiri 30 mpaka 37, ndipo mu June ndi July ntchito yake imachepa kwambiri. Ikani thanki padzuwa, ikuteni ndi udzu kapena masaka, ndipo nyengo imeneyo chepetsani chakudya ndi theka. Madzi a sopo, Jik, mafuta ambiri ophikira, mafupa ndi mchenga zisalowemo.

Tsopano za matope a m'chimbudzi. Ndi zoona kuti kusakaniza zotsala za kukhitchini ndi matope otere kumathandiza, chifukwa matopewo amaletsa madzi kusasa msanga. Koma pa thanki ya pakhomo pamene pali ana, ine ndikuti ayi. Matope amene akhalitsa mu septic tank anawola kale, gasi wake ndi wochepa, pamene kuwatapa ndi zidebe n'kuika moyo pachiswe. Kolera amene anayambira ku Machinga mu 2022 tonse tikumukumbukira. Komanso mazira a njoka zam'mimba safa m'thanki yosatenthetsa. Amatuluka amoyo pamodzi ndi madzi amene mukufuna kuthira pa mpiru ndi tomato. Amene akufuna kugwiritsa ntchito za m'chimbudzi amange thanki ya njerwa pansi, chimbudzi chilumikizidwe ndi paipi, ndipo zotulukazo ziumitsidwe kapena zikhale pa khompositi miyezi yambiri zisanapite ku mitengo kapena kumunda wa chimanga.

Gasi woyamba kutuluka mukatsegula thanki mumutayire panja kutali ndi moto, chifukwa wasakanikirana ndi mpweya ndipo angaphulike. Pakani thovu la sopo polumikizira mapaipi monse kuti muone ngati pakutuluka gasi. Pamalo otsika a paipi ikani kabotolo kotchera madzi, popeza gasiyu amabwera ndi chinyezi, ndipo moto ukamadumphadumpha kawirikawiri ndi madzi amenewo atseka njira.