Za lesitilanti ya Indo-Chinese yatsopano ku Oadby ija

Achemwali, mwafunsa ngati malo atsopano aja ku Oadby, pafupi ndi mzinda wa Leicester ku England, ndi oti mungapiteko ndi bambo a kunyumba pamodzi ndi ana, komanso ngati chakudya chake n'cha Chimwenye kapena cha Chitchaina. Ine ndinakadyako. Pitani ndithu, koma musakayembekezere curry ngati wa m'malesitilanti a Amwenye pa Belgrave Road ku Leicester, ndiponso si zija timagula kwa Matchaina Lachisanu madzulo. Ichi n'chakudya chapachokha.

Kwawo kwenikweni ndi ku Kolkata, ku India. Matchaina anayamba kukhazikika kumeneko cha m'ma 1770, ndipo pambuyo pake a mtundu wa Hakka anadzaza dera lotchedwa Tangra, komwe ntchito yawo inali yofufuta zikopa. Pophikira anansi awo Amwenye anaona kuti chakudya chosawawa sichiyenda malonda, ndiye anasunga chiwaya chawo, soy sauce ndi viniga, n'kuwonjezamo adyo wambiri, jinja ndi tsabola wamuwisi. N'chifukwa chake pa menyu mukaona dzina loti Hakka noodles. Chicken Manchurian nayo sinachokere ku Manchuria ayi. Ambiri amati anaiyambitsa ndi Nelson Wang, wobadwira ku Kolkata, akuphika ku Mumbai mu 1975.

Tsono poitanitsa m'pamene anthu amagwa napo. Chilli chicken, Manchurian ndi chilli paneer (paneer ndi tchizi cha Chimwenye) zimabwera mitundu iwiri, ndipo wogulitsa akakufunsani kuti "dry or gravy?" Dry ndi youma, yokazinga kenako n'kuivundula mu sosi pang'ono, ndipo amadya poyambirira mukudikira zina. Gravy ndi ya msuzi wokhuthala, umene amaulimbitsa ndi cornflour, ndiye imafuna mpunga kapena ma noodles. Mukaitanitsa zouma zokhazokha mpunga ukakutsamwani, mukaitanitsa za msuzi zokhazokha zonse zikamveka chimodzimodzi, poti sosi wake ndi wapachibale. Kwa banja ngati lanu ndingati youma imodzi, ya msuzi imodzi, mbale ya Hakka noodles ndi mpunga wokazinga wa mazira, n'kuika pakati aliyense azitapa.

Youmayo ikhale gobi Manchurian. Ndi kolifulawa chabe, woviikidwa mu ufa n'kukazingidwa, koma ndi amene amaulula ngati wophika akudziwa ntchito. Akafika akukhukhuta m'kamwa, dziwani kuti moto wa pachiwaya ndi wokwanira. Wanga anafika bwino, ngakhale mchere unapitirirako. Bambo a kunyumba muwachenjeze kuti veg Manchurian si nyama. Timipira take timaoneka ngati ta nyama yogaya, koma m'kati ndi kabichi ndi karoti, ndipo munthu wokonda ndiwo za mafupa angakwiye nanu njira yonse yobwerera.

Za tsabola musadzitame. Paliponse pamene palembedwa Schezwan pali sosi wofiira wa tsabola wouma ndi adyo. Kwa ife ozolowera kambuzi si zoopsa kwenikweni, koma mwana sangathe. Vuto lina n'lakuti tsabola wamuwisi amamudula tizidutswa tofanana ndi masamba a anyezi, moti mwana sangasiyanitse. Nenani poyera kuti za anawo asathire tsabola ngakhale pang'ono, chifukwa chimene iwo amati chosawawa chimakhala chikuwawabe. Sweet corn soup ndi ma noodles a nkhuku ana amadya popanda mkangano. Manchow soup, wa ma noodles okazinga pamwamba uja, musiyire akulu.

Popeza ena m'gulu muno ndi Asilamu, funsani za halal musanakhale pansi, musangoganizira poona kuti eni ake ndi Amwenye. Amene sagwirizana ndi mtedza kapena MSG, chokometsera chakudya chooneka ngati mchere, anenenso msanga, poti MSG kawirikawiri amathira m'zakudya zimenezi.

Chimene chinandibowa ine ndi kuchedwa. Malo akangotsegulidwa anthu amakhamukirako Loweruka, operekera zakudya ali osazolowerana, moti supu yathu inabwera titamaliza kale mpunga. Ndiye ngati mungathe pitani Lachiwiri kapena Lachitatu cha m'ma 6 koloko, chiwaya chisanapanikizike. Zotsala muwapemphe akulongedzereni, kupatula kolifulawa uja, yemwe akagona amafewa n'kutha kukoma.