Pepala la boma lizimveka ngati mlingo wa pamtsinje

Mtsikana wina wa ku Ngabu wandilembera imelo. Anaphunzira kukonza zikalata ndi zithunzi pakompyuta, ndipo funso lake ndi ili: "Kodi luso langali lingachepetse kuyendayenda kumene anthu amachita m'maofesi a boma, kapena ndithera pa makadi a ukwati basi?"

Achemwali, lingachepetse ndithu, koma muyambe mwaika pambali zokongoletsa.

Azakhali anga amakhala ku East Bank. Chaka china anapita katatu ku ofesi ina chifukwa cha chikalata chimodzi. Ulendo woyamba anawabweza kuti akatenge kalata ya amfumu. Wachiwiri kunasowa fotokope ya chiphaso cha unzika. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza, tsiku lathunthu dimba lili lokha, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Lamulo silinali lovuta ayi. Chinasowa ndi pepala limodzi lowauziratu zoti anyamule. Mpaka lero zimandipweteka.

Chonsecho chitsanzo chabwino tili nacho konkuno. Madzi osefukira atiphunzitsa mowawa: 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. M'mitsinje ina muli milingo yopakidwa penti wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Agogo amene sanapondeko m'kalasi akaona madzi afika pofiira amadziwa kuti n'kuthawira kumtunda. Palibe wowamasulira. Chikalata cha boma chizimveka choncho. Munthu akangochiona adziwe zoti abweretse, khomo loti agogode, ndalama zoti alipire kapena ngati n'zaulere, ndi tsiku loti adzabwerenso. Zina zonse zibwere pansi.

Chiyankhulo ndiye nkhani yaikulu. Musamangotembenuza Chingelezi cha maloya liwu ndi liwu, chifukwa chimatuluka Chichewa chimene ngakhale inu simungachilankhule kunyumba. Lembani monga mungauzire amayi anu pakhonde. Ku Nsanje ambiri amamva bwino Chisena, choncho pezani wochidziwa akuthandizeni. Mukatha, tengani pepalalo mupite nalo pamsika pa Nchalo kapena pa Bangula, mupatse mayi wogulitsa nsomba, inu mukhale chete. Pamene wakwinya nkhope ndi pamene mwalakwitsa inu. Boma la Britain linachita zofanana pokhazikitsa tsamba lake la pa intaneti la GOV.UK mu 2012: linalembanso mauthenga ake m'mawu osavuta, poyambira pa zimene nzika ikufuna kuchita.

Tsono za kutenga mbali pachitukuko. Tili ndi makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC), ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma bajeti yolembedwa m'Chingelezi, timalemba ting'onoting'ono, yomatidwa pabolodi kuboma, ndani wa ku Makhanga adzaiwerenge? Ganizirani chikwangwani pamalo pamene pakumbidwa mjigo: ndalama za thumba la chitukuko cha dera la phungu (CDF) zatuluka zingati, wagwira ntchitoyo ndani, ithe liti, wodandaula apite kwa yani. Uthenga womwewo uwerengedwe pa Gaka FM kapena Nyanthepa, ndiponso ujambulidwe mawu uziyenda pa WhatsApp. Anthu amaleka kubwera kumisonkhano akaona kuti zimene ananena sizinawabwerere ndi yankho. Choncho konzaninso pepala lonena kuti: munapempha izi, zatheka izi, izi zalephereka pa chifukwa chakuti.

Ndisakunamizeni, pepala silingasinthe munthu amene amadyerapo anthu akasokonezeka. Komabe pakhoma pakalembedwa zilembo zikuluzikulu kuti ntchito iyi ndi yaulere, kupempha ya fanta kumavuta.

Poyambira sankhani ofesi imodzi yapafupi. Pitani mwaulemu kwa akalaliki, muwafunse funso limene amayankha kambirimbiri tsiku lililonse, chifukwa nawonso anatopa nalo. Yankho lakelo mulikonze papepala limodzi, mupemphe chilolezo cholimata pakhomo, ndipo lina mukapereke kwa amfumu kuti anthu aziliona asanakwere njinga.