Funsani Dokotala: Mankhwala ndi omwewo, nanga bwanji ulendo uno sakupeza bwino?

FUNSO: Adokotala, ndikulemba kuchokera ku Ulongue, m'boma la Angónia. Mlongo wanga wadwalanso matenda a maganizo. Ulendo woyamba anamwino ankacheza naye ndipo anatuluka ali bwino. Pano anagonekedwa kuchipatala china kutali ndi kwathu. Mankhwala ndi omwe aja, koma ndamupeza atauma khosi, dovu likuchucha, salankhula ndi munthu, ndipo akuti usiku wina anamumangirira pabedi. Amalume akuti timutulutse tipite naye kwa asing'anga. Nditani?

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Musamutulutse mwamseri, ndipo asasiye mankhwala mwadzidzidzi, chifukwa matendawa akhoza kubwerera mwamphamvu.

Tiyambe ndi khosilo. Mankhwala ngati haloperidol ndi chlorpromazine nthawi zina amaumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchuchitsa dovu. Si ufiti, ndiponso sikuti matenda akula. Dokotala amachepetsa mlingo kapena kuwonjezera mankhwala ena, monga biperiden, ndipo thupi limamasuka. Kanenani lero lomwe. Ngati kuumako kwadza ndi kutentha thupi kwambiri ndi kusokonezeka, musadikire kuti kuche.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mwaziona ndinu, mlendo. Namwino amene amakhala pansi ndi wodwala tsiku ndi tsiku akanaziona kale. Apa m'pamene pagona yankho la funso lanu: piritsi ndi lomwelo, koma malo ndi anthu si omwewo.

Munthu amene mutu wasokonekera amakhala ndi mantha kale. Muikeni m'wodi yodzaza, magetsi oyaka usiku wonse, wina akukuwa pambali pake, chitseko chokhoma popanda womuuza chifukwa chake, tulo sabwera. Kusagona pakokha kumakolezera matendawa. Akayamba kulimbana ndi chitseko amamumanga, akamumanga mantha amachuluka, mawa amakana mankhwala. Kumanga wodwala kuyenera kukhala njira yomaliza, kwa kanthawi kochepa, pamene moyo wake kapena wa ena uli pangozi, ndipo wina azimuyang'anira. Si chilango.

Ku England anayesa njira yotchedwa Safewards m'mawodi 31, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Sanasinthe mankhwala. Anamwino ankangolankhula mofatsa, kudziwana ndi odwala, kugwirizana nawo malamulo a m'wodi, ndi kukhala pafupi ndi wodwala akalandira uthenga woipa. Mikangano inatsika ndi 15 peresenti, ndipo kugwira odwala mokakamiza kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zambiri mwa izi sizilira ndalama, zimalira nthawi. Anamwino athu sindiwada ayi, nthawi zambiri mmodzi amasenza ntchito ya anthu angapo. Koma moni ndi kutchula wodwala dzina lake sizitenga mphindi.

Kuno ku Tete palinso nkhani ya chiyankhulo. Mchewa wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga akagonekedwa kumene ogwira ntchito amalankhula Chipwitikizi kapena Chinyungwe, amatha kukhala chete chifukwa sakumva, ena n'kumati ndi matenda. Pa matenda a maganizo timayeza ndi mawu, ndiye womasulira ndi wofunika kwambiri. Pemphani wodziwa Chichewa, kapena mukhalepo inuyo dokotala akamazungulira.

Funsani kuti muonane ndi amene amamutcha técnico de psiquiatria, wachipatala wophunzitsidwa kuthandiza odwala matenda a maganizo. Mozambique inayamba kuphunzitsa anthu amenewa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa madokotala a matenda a maganizo ndi ochepa, ndipo amapezeka m'zipatala za m'maboma. Mumufunse dzina la matenda, mlingo wa mankhwala, chimene anamangira mlongo wanu, komanso ngati angapitirize chithandizo kufupi ndi kwanu akayamba kupeza bwino. Mukapita kukamuona mutengereni zovala zake ndi chakudya chimene anazolowera ngati akuloleza, mutuluke naye panja padzuwa, mumuuze za kumunda ndi za ana. Musamufunse mafunso omuyesa nzeru.

Amalume musakangane nawo, nawonso akufuna mlongo wanuyo achire. Pitani nawo akamve okha kwa ogwira ntchito. Muwauze kuti mankhwalawa amatenga milungu ingapo kuti agwire bwino ntchito, ndiponso kuti zitsamba zakumwa zikhoza kusemphana nawo.

Tsiku lotuluka musachoke opanda deti lobwerera ndi mankhwala okwanira kufika tsikulo. Milungu yoyamba kunyumba ndiyo yoopsa kwambiri. Akasiya kugona, kapena akatchula zofuna kudzipha, bwererani naye tsiku lomwelo.